Pikapu Yogogoda pa Mahampu a pa Njuli

Mbulumbuzi, Chiradzulu
6 Julayi 2025

Achimwene a Taufiq,

Asalamu alaikum. Kuno tadzuka, kungoti miyendo ya amayi yayambanso kutupa ndi kuzizira kwa mwezi uno. Farida wayamba kuyenda, ndipo chilichonse chimene wachipeza akuchigwetsa. Kaya inu ku Durban kumeneko, shopu ikuyenda bwanji?

Ndalemba kalata monga munalamulira. Munati za pafoni anthu amazikana mawa lake, ndiye mukufuna zonse zokhudza galimoto yanu zizikhala papepala. Chabwino. Poti nambala yanga ndi ya amuna anga a Rajabu munazitseka, pepalali ndapatsira a Joel a lole ya katundu aja, akupatsani pamanja akafika.

Pikapu yanu ya magetsi yatha miyezi iwiri chifikireni. Sindikana, yatithandiza. Timaitchaja kuchigayo chathu pa Njuli, ndipo pamene ena akutha masiku pamzere wa mafuta, ife timangodutsa. Imayenda mwakachetechete moti nkhuku ziwiri za a Nabanda oyandikana nafe aja zinapita osadziwa chimene chazipeza.

Koma kutsogolo kumagogoda. Patala posalala imakhala zii. Ikangokwera mahampu a pa Njuli, kapena ikalowa msewu wafumbi wobwera kunyumba, pansi pamamveka gudu, gudu, ngati wina akusinja mu mtondo wopanda kanthu. Ndipo ndi youma, siinepa ayi. Tsiku lomwe tinawatengera amayi kuchipatala anatsika atagwira msana, n'kunena kuti bola ngolo.

A Rajabu akuti phokosoli analimva tsiku loyamba lomwelo, pochokera ku Blantyre komwe anakailandira kwa anthu amene anaibweretsa kuchokera kudoko la Beira. Anakhala chete poganiza kuti mwina ndi mmene zimakhalira galimoto zopanda injini. Izi ndi zomwe ankafuna kukuuzani pafoni tsiku lija, koma inu munayamba kukalipa asanamalize ndi moni womwe.

Pa Njuli pali amakaniko, a Silvesta, munthu wamkulu amene wakhala akukonza malole kuyambira inu muli kusukulu. Tiloleni tikawaonetse. Kapena ngati muli ndi nzeru zina za kumeneko tiuzeni msanga, chifukwa nandolo ali pafupi kuuma ndipo galimotoyi idzafunika tsiku lililonse.

Amayi akufunsa kuti mubwera liti. Ndawauza kuti munatumiza galimoto m'malo mwanu.

Ine mchemwali wanu,
Ruqaiya


Durban
19 Julayi 2025

Alamu,

Wa alaikum salamu. Amayi muwapatse moni, ndipo avale masokosi amene ndatumiza ndi a Joel.

Ndikulembera inuyo osati Ruqaiya, chifukwa makiyi ndinapereka kwa inu. Zoti mwamuna wamkulu azituma mkazi wake kumulembera makalata sizinandisangalatse.

Galimoto imeneyo ndinaigula yatsopano, ya m'pepala. Ndagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri kuno, kugona chipinda chimodzi ndi makatoni a katundu, kuti amayi anga asiye kukwera kabaza. Ine mwiniwake sindinakhalemo ngakhale kamodzi, ndimangoiona pachithunzi. Ndiye miyezi iwiri yokha mukuti ikugogoda. Zoti inabwera choncho musandiuze. Ndikudziwa mmene munkayendetsera minibasi ya Limbe ndi Zomba, hampu munkaiona ngati mdani wanu. Ndamvanso kuti Loweruka mumapakira anthu kumbuyo ngati matumba.

Ndafunsa kwa odziwa kuno. Akuti galimoto ya magetsi ilibe injini yobisa maphokoso, choncho kanthu kakang'ono kamamveka ngati chinthu chachikulu. Akutinso batire lake ndi lolemera kwambiri, moti zitsulo za kumatayala zimatopa msanga ikamayendetsedwa mwachipongwe. Pitani kwa a Silvesta anuwo, koma achite izi inu muli pompo. Mutulutse kaye zonse za m'bokosi la pansi pa boneti, mwina munaponyamo jeke kapena sipana. Aone manati a matayala. Adinikize ngodya iliyonse ya kutsogolo n'kuisiya, aone ngati ikudumphadumpha. Aikweze pa jeke, agwedeze tayala m'mwamba ndi pansi, kenako uku ndi uku. Aone mabushi, malinki, ndi mashoko ngati akudontha mafuta. Mundilembere zonse, osadumpha kanthu.

Chinthu chimodzi mumvetsetse bwino. Chilichonse cha mtundu wa olenji pa galimoto imeneyo ndi cha magetsi akupha. Osachigwira, osachiyandikiza sipana. A Silvesta anazolowera malole a dizilo, ndiye muwauze kawiri. Wina akafera pansi pa galimoto yanga chifukwa cha kusamva, ine sanda yokulungira maliro sinditumiza.

Taufiq


Mbulumbuzi
3 Ogasiti 2025

Alamu a Taufiq,

Asalamu alaikum. Masokosi afika, amayi avala. Ife tili bwino.

Mwati ndilembe ndekha, ndalemba. Dzanja langa si lokongola ngati la achemwali anu, mupirira.

Lachiwiri lonse ndinali kwa a Silvesta. M'bokosi la pansi pa boneti munali chingwe chotchajira chokha. Tinachitulutsa, phokoso silinasiye. Manati ndi othina. Titadinikiza ngodya galimoto sinadumphe, kunena zoona sinatsike n'komwe. Tinakwera anthu atatu pa bampala, inangokhala ngati tebulo. A Silvesta anati chiyambireni ntchito sanaonepo galimoto youma chonchi, koma anati mwina anaipanga dala chifukwa cha kulemera kwa batire.

Tinaikweza pa jeke. Tayala tinaligwedeza m'mwamba ndi pansi, silikusewera, ndiye kuti bolojointi ili bwino. Uku ndi uku, chimodzimodzi. Mabushi anawapana ndi chitsulo, palibe long'ambika. Mashoko alibe ndi dontho lomwe la mafuta. A Silvesta anakayikira malinki, tizitsulo tija timalumikiza mpiringidzo wa kutsogolo ndi kumatayala, poti ndi timene timakonda kulira pa mahampu. Anatimasula, ine ndinatiika m'thumba kupita nato ku Limbe kukayerekeza, ndipo ndinapeza tofanana. Tinamanga tatsopanoto. Pa hampu yoyamba yomweyo, gudu. Ndiye tabwezeretsa takale, poti tinalibe mlandu.

Tinayesanso njira ina. A Silvesta ananjuta m'mbali mwa hampu, ine ndikudutsa pang'onopang'ono, kupita ndi kubwera, anthu a pa Njuli akutiseka. Akuti phokoso likuchokera cha m'masipuling'i, mbali zonse ziwiri, koma kwambiri kumanzere. M'masipuling'imo muli timapulasitiki tokhuthala ta olenji, titatu mbali iliyonse, tolowetsedwa m'mipata ya sipuling'i. Apa ndi pamene tinalekezera. Munati cha olenji osagwira, sitinagwire. Mwina mufunse kumeneko kuti ntchito yake n'chiyani.

Za Loweruka mwamvazo, n'zoona kuti ndinanyamula anthu kamodzi. Anali opita kumaliro, ndipo amene anandituma ndi amayi anu. Za minibasi sindiyankha zambiri. Ndinayendetsa zaka zisanu ndi zitatu osavulaza munthu.

Ndine mkamwini pakhomo pano, ndikudziwa malo anga. Koma mukamandilembera muzikumbukira kuti ndine bambo wa mwana wa achemwali anu.

Rajabu


Durban
17 Ogasiti 2025

Amalume a Abdulhamid,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Pepani kuti pa sadaka ya malemu bambo sindidzakhalapo chaka chinonso. Mpunga ndi mafuta ophikira ndatumiza ndi a Joel.

Ndikulembera inu chifukwa ndinu nkhoswe ya banja la Ruqaiya, ndipo ndinu amene munandikakamiza kuvomera munthu ameneyu pomwe ine ndinkakana. Tsopano onani.

Mnzanga Stefano, wa hadiweya ku Limbe, anamuona Rajabu ndi maso ake kumsika wa zitsulo zakale, atanyamula thumba la zitsulo za galimoto, akuyenda benchi ndi benchi. Atadziwa kuti waonedwa, wandilembera chikalata chachitali chonena kuti ankayerekeza malinki. Ine si mwana. Galimoto yatsopano siuma ngati tebulo. Ndafunsa kuno, akuti ikauma choncho n'kumagogoda mbali zonse ziwiri ndiye kuti mashoko ake ndi akufa. Mashoko atsopano sangafe m'miyezi itatu. Anachotsa enieniwo n'kugulitsa, n'kuikamo akutha a kumsika. Silvesta ndi mnzake, sangamuulule. Za timapulasitiki akunenazo ndi zongofuna kundisokoneza, akufuna ndiziyang'ana ku magetsi kuti ndisaone manja ake.

Ndikupempha mumulande makiyi, mupeze dalaivala wina wonyamula nandolo. Kalatayi muiwerenge pamaso pa abale kuti aliyense adziwe chifukwa chake, asadzanene kuti Taufiq ndi wankhanza. Za banja lawo muona ndinu, koma ine wakuba pakhomo pa amayi anga sindimufuna.

Ine mphwanu,
Taufiq


Mbulumbuzi
1 Sepitembala 2025

Achimwene,

Salamu ndikukupatsani chifukwa chipembedzo chimatero, osati chifukwa ndikufuna.

Kalata yanu ya kwa amalume inafika Lachisanu, sadaka ya bambo inali dzulo. Amalume anaona kuti abale onse asonkhana, ndiye anadikira anthu adye, mashehe amalize mapemphero a dua, n'kuimirira atavala magalasi awo. Munati pamaso pa abale. Abale analipo, inde. Panalinso mudzi wonse, anthu a kumzikiti, amayi a kuchigayo, ndi achimwene awo a amuna anga amene anachokera ku Mpama atanyamula nkhuku yodzathandizira sadaka. Amalume anawerenga zonse, liwu ndi liwu, mpaka pa mawu oti wakuba.

Mukudziwa kumene anali a Rajabu nthawi imeneyo? Anali kuseri akutsuka mapoto. Nkhuni za sadakayo anatema ndi iwo, mbuzi anazinga ndi iwo, manda a bambo anu analambula ndi iwo. Atawaitana anabwera manja ali mafuta okhaokha, n'kuima pakati pa bwalo. Sanayankhe. Anapukutira manja kuthalauza, anatulutsa makiyi, n'kuwaika pamkeka patsogolo pa amalume. Dzuwa lisanapendeke anali atanyamuka ndi achimwene awo, chikwama chimodzi ndi khasu lawo.

Ine ndinalira pagulu ndipo sindikuchita nazo manyazi. Ndakwiya, achimwene, ndakwiya kwambiri. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu uyu wakhala pakhomo pano akuchita zomwe mukanachita inuyo mukanakhalapo. Denga likadontha amakwera ndi iwo. Chigayo chikafa amathamanga ndi iwo. Inu mumatumiza zinthu, n'zoona, koma katundu wa mu lole sanawaperekezepo amayi kuchipatala.

Stefano wanuyo anaona thumba. M'kati mwake anaonamo? Nkhani ya ku Limbe a Rajabu anakulemberani okha asanadziwe n'komwe kuti padziko pali munthu wotchedwa Stefano.

Makiyi amalume apatsa a Limbikani, aja ankayendetsa thirakitala. Lero m'mawa anyamula nandolo woyamba, ndipo ine ndinaima pamsewu kumvetsera. Ikugogodabe, chonsecho wakuba uja kulibe.

Farida akungosuzumira kuseri kwa chitseko chilichonse kufuna bambo ake.

Ruqaiya


Durban
14 Sepitembala 2025

Ruqaiya,

Wa alaikum salamu. Kalata yako yachipongwe ndailandira. Ine sindinanene kuti iwerengedwe pa sadaka. Ndinati abale, kutanthauza anthu anayi kapena asanu m'nyumba. Zimenezo ukawafunse amalume. Koma akanakhala wosalakwa akanayankha pomwepo, osati kunyamula khasu. Kukhala chete kwakeko kwandiuza zonse.

Ikugogodabe chifukwa mashoko akutha aja akadali momwemo. Ndatumiza atsopano awiri ndi a Joel. Silvesta akaike Limbikani ali pompo, ndipo akalewo mundisungire, ndikufuna kudzawaona ndi maso anga. Phokoso likatha udzandilembere, ndipo udzayambe ndi kupepesa.

Usaiwale kuti mlongo wako ndine ndekha. Mwamuna ukhoza kupeza wina.

Taufiq


Mbulumbuzi
29 Sepitembala 2025

Achimwene a Taufiq,

Asalamu alaikum. Amayi ali bwino, ndipo nkhani ya lero ndi yawo. Muwerenge mutakhala pansi.

Mashoko anu anafika. A Silvesta anakana kuwaika. Anati shoko imadutsa m'kati mwa sipuling'i, ndipo kuti uichotse uyenera kugwira timapulasitiki ta olenji tija, pomwe iwo ali ndi ana oti alere. Ndinawafunsa pamaso pa amalume kuti nanga a Rajabu akanaba bwanji osatigwira. Amalume anayamba kupukuta magalasi.

Lachitatu lapitali ndikusesa pakhonde ndinaona kanthu ka olenji pansi pa mwendo wa benchi ya amayi, yogwedera ija. Ndinati, "Amayi, ichi mwachitenga kuti?" Anati, "Ndinatola pabwalo pomwe amaimika galimoto. Latha sabata chili pamenepo, benchi yasiya kuvuta. Bwanji, n'cha munthu?" Ndinati, "Munachigwira ndi manja?" Anati, "Nanga ndikanagwira ndi mano?"

A Limbikani amauluka pa mahampu, ndiye kamodzi ka timapulasitiki ta m'masipuling'i tija kanang'aluka n'kudzagwera pabwalo. Ndinakakoka ndi kamtengo kouma, n'kukatsuka. Achimwene, ndi pulasitiki chabe. Mulibe waya, mulibe chitsulo. Mbali yomwe imayang'ana m'kati anajambulapo dzanja likukoka, ndipo pali mawu a Chingerezi. Fomu thuu yanga mumaiseka ija inakwanira kuwawerenga. Akuti ndi toteteza galimoto ikakhala pa sitima ya pamadzi, ndipo tichotsedwe isanayambe kuyenda pamsewu.

Ndinapita nako kwa a Silvesta. Anakatembenuza kawiri, anakhala pa tayala, anaseka mpaka misozi, kenako anasiya kuseka. Akuti galimoto ikagulidwa kudzera kwa ogulitsa a m'dziko muno, iwowo ndi amene amachotsa zimenezi asanapereke makiyi. Inu munaitanitsa nokha pafoni kuopa kudyeredwa, ndiye panalibe wochotsa. Masipuling'i akhala opanidwa kuchokera kufakitale mpaka pa Mbulumbuzi, hampu iliyonse ikumenya thupi la galimoto popanda chofewetsa.

Anaikweza pa jeke, masipuling'i anatambasuka, tisanu totsalato anangotisolola ndi zala. Tinadutsa mahampu onse a pa Njuli, kupita ndi kubwera. Zii. Amayi anakwera mpaka kuchigayo, anafika akusinza.

Ndinawapemphanso a Silvesta chinthu china. Anatsuka matope pa mabawuti a mashoko akalewo. Pa bawuti iliyonse pali kapenti kachikasu kamene amadontheza kufakitale akamaliza kumanga, kochokera pa nati mpaka pa chitsulo. Sikanaduke paliponse. Mabawuti amenewo sipana sinawakhudzepo chipangidwire. Amalume anaona, a Limbikani anaona. Kapulasitiki kamodzi ndapatsira a Joel kuti mukagwire nokha, sikaluma.

Munati phokoso likatha pakhale kupepesa. Phokoso latha. Wopepesayo ndikumudikira.

Ruqaiya


Durban
12 Okutobala 2025

Alamu a Rajabu,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira muli bwino ku Mpama kumeneko.

Ndamva kuti vuto la galimoto lapezeka. Alhamdulillah. Zikuoneka kuti panali kusamvetsetsana mbali zonse. Ine ndinati za olenji ndi za magetsi chifukwa mawaya ake amakhaladi a mtundu umenewo, ndipo ndinkateteza moyo wanu. Makaniko wodziwa ntchito akanasiyanitsa waya ndi pulasitiki. Nanunso mukanayankha tsiku lija m'malo mongonyamuka, sizikanafika apa. Amalume nawo anaonjeza.

Zapita zimenezo. Bwererani kunyumba, makiyi mukatenge kwa amalume, Limbikani angandiphere galimoto. Ndatumiza jekete yachikopa ndi foni yatsopano, a Joel akupatsani. Nambala yanu ndaitsegula. Tisapatse anthu zokamba.

Mlamu wanu,
Taufiq


Mpama
26 Okutobala 2025

A Taufiq,

Wa alaikum salamu. Ndili bwino kwathu kuno.

Jekete ndi foni ndabweza ndi a Joel. Foniyo sindinaitsegule, muone bwino, pulasitiki yake ikadali yomata, kuopa munganene kuti ndachotsamo kanthu.

Mukufunsa chifukwa chimene sindinayankhire tsiku lija. Mkamwini sabweza mawu kwa amalume a mkazi wake pabwalo, pamaso pa mashehe, pa sadaka ya apongozi ake. Mwakhalitsa kunja, mwina mwaiwala. Ndiponso ndikanayankha ndi chiyani? Ine ndinali ndi manja a mafuta, inu munali ndi pepala.

Za timapulasitiki ndinakulemberani pa 3 Ogasiti, ndinati mufunse ntchito yake. Kalatayo muli nayo, poti mumasunga.

Kuno nkhani inafika ine ndisanafike. Ndinapita kukafunsa ntchito yoyendetsa lole ya njerwa, mwiniwake anandifunsa akuseka ngati matayala ake azidzawapeza onse. Lachisanu kumzikiti munthu wina anasuntha nsapato zake atandiona. Amayi anga asiya kupita kumjigo nthawi yomwe kuli anthu. Zimandipweteka, alamu, ndipo jekete siingakonze zimenezi.

Ndikufuna chinthu chimodzi. Mulembe kuti Rajabu sanabe, ndi kuti munanama ndinu. Amalume omwewo awerenge, pabwalo lomwelo, kwa anthu omwe aja, ndipo achimwene anga aitanidwe. Mawu oti kusamvetsetsana musaikemo. Ndidikira mpaka mvula yoyamba. Ikagwa ndisanamve kanthu, ndibzala kuno, ndipo ndikabzala sindisamukanso. Mkazi wanga adzasankha yekha kokhala ndi mwana.

Rajabu


Mpama
14 Disembala 2025

Achimwene,

Asalamu alaikum. Onani pamwamba pa kalatayi, mudziwa kumene ndili.

Mvula yoyamba inachedwa, inagwa pa 27 Novembala. A Joel anadutsa kawiri isanagwe, ndipo maulendo onse awiri ndinakawadikira pa Njuli. Woyamba anatsitsa shuga, wachiwiri anatsitsa nsalu za amayi. Kalata ayi. Foni munati mwatsegula, koma sinalire.

Mvula itagwa a Rajabu anadikiranso masiku atatu, ndinawapempha ndine. Tsiku lachinayi anabzala. Ine ndinamanga katundu, ndinabereka Farida, n'kukwera kabaza. Amalume anati mkazi wa kwathu sapita kukakhala kwa mwamuna mlongo wake asanavomere. Ndinawauza kuti mlongo wangayo anandilola kale tsiku lomwe anathamangitsa amuna anga.

Kalata yanu yopepesa inafika pa 5 Disembala. Ndamva kuti munailemba bwino, ndipo mawu oti munanama alimo. Amalume anaiwerenga pabwalo lomwe lija, koma anasankha Loweruka m'mawa, anthu onse ali kuminda. Panali iwowo, akazi awo, amayi, a Nabanda, ndi a Silvesta amene ankangodutsa. Achimwene awo a amuna anga sanaitanidwe, amalume akuti anaiwala. A Silvesta ndi amene anapalasa njinga mpaka kuno kudzatiuza. Anawapeza a Rajabu m'munda. Anamvetsera mpaka kumapeto, anati, "Zikomo, ndamva," n'kuweramanso ndi khasu lawo.

Sindikunamizani, tsiku limenelo ndinalira, chifukwa mawu amenewo ndinawadikira miyezi itatu ndipo atafika analibe ntchito. Ndimakukondani, tinabadwa awiri okha, koma sindibwerera.

Galimoto yanu ili bwino, siikugogoda. A Limbikani anasiya, akuti sakufuna kudzawerengedwa pa sadaka, ndipo madalaivala ena awiri amene amalume anawafunsa anayankha chimodzimodzi. Yangoima pansi pa mtengo wa mango, anaifunditsa tenti.

Kwa amayi ndimapita Lachiwiri lililonse. Munda wawo wa kudambo chaka chino sunalimidwe, udzu wafika m'mawondo. Lachiwiri lapitali anandifunsa kuti aziwalimira ndani tsopano, ndi kuti miyendo ikatupanso adzawatengera ndani kuchipatala. Ndinawauza kuti ndifunsa inu.

Ruqaiya